Mwana wanga wokana nzimbe

Amene munandilanda mwana ndinu alamu, achimwene ake a mkazi wanga. Munaima pabwalo kwanu kwa Dzoole, anthu atadzaza, n'kunena kuti ine ndakhwimira fodya pa mwana wanga wamkazi. Ine mkamwini, wobwera kuchokera kumapiri a Ntchisi, ndikanayankha chiyani pamudzi pa eni ake?

Mwanayo chisiyireni bere ankakana zotsekemera. Anzake akulimbirana nzimbe, iye ankathawa. Mango ayi, nthochi ayi. Mukamukakamiza ankasanza, thukuta kamukamu, maso n'kutembenuka. Ine ndinaona msanga. Ndinati musiyeni, phala la mchere amadya bwinobwino. Inu munati ndine woumira, ndikumana mwana shuga.

Ndiye kunabwera matipate. Munalowa zachipani, nsalu paphewa, kumisonkhano n'kumabwerako ndi mapaketi a shuga. "Mbumba yanga iyi," munkatero, "imwe tiyi ngati ana a mabwana." Tsiku lina ine ndili kuchigafa kusoka fodya, munamuthirira shuga wodzaza m'kapu, n'kumugwira mphuno kuti ameze. Atakomoka munati wafooka, mumwetseni madzi a shuga, monga timachitira tonse munthu akakomoka. Ndinamupeza ali lende, manja ozizira. Ndinamumanga kumsana ndi chitenje cha amake, n'kupalasa njinga m'matope mpaka kuchipatala cha mishoni.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ananena adokotala ndinamva, chifukwa anandikhazika pansi n'kundiuza m'Chichewa. Anati shuga si mmodzi. Wa m'chimanga ndi wina, wa mu nzimbe ndi zipatso ali ndi mnzake wina. Ameneyo akafika m'chiwindi, thupi limayamba lamumanga kaye ngati ndindi ya fodya, kenako pali kampeni kamene kamamudula kuti apse, asanduke mphamvu. Mwana wanga kampeniko anabadwa alibe. Ndiye zomangidwazo zimangounjikana pakhomo, mpaka shuga wabwino amene thupi linasunga amasowa potulukira. Mwana n'kugwa ndi njala, shuga ali m'kamwa.

Ndinafunsa kuti, dokotala, ndamupatsira ndine? Anati mbali zonse, kwa bambo ndi kwa mayi, apo ayi sizichitika. Mwamva alamu? Magazi a kwanu omwewo.

Nditabwera nazo kumudzi munaseka mpaka kugwira nthiti. "Kampeni m'mimba! Akamwini, mwaphunzira liti udokotala? Nanga fodya wanu yekha wakula bwanji chaka chino, wa anzanu atapserera?" Fodyayo anakula ndi ndowe zimene ndinatuta pamutu inu muli kuvina pamisonkhano. Koma anthu anamvera wa nsalu paphewa. Anandipatsa bulangete langa ndi khasu, akazi anga maso ali pansi. Mwana ndi wa kwa amalume, eti.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amake anasiyadi kumupatsa shuga, mwakachetechete, monga ndinanenera. Mwana anachira. Inu n'kumauza anthu kuti mwaona, mfiti yachoka, matenda atha.

Lero ndi mayi wapabanja pake. Mano ake mbee, opanda ndi limodzi lomwe lobowoka, tiyi amamwa wosathira. Ndinakumana naye pamsika paboma la Ntchisi, khanda kumbuyo. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Amayi, muli bwanji?" Anakokera chitenje n'kuphimba nkhope ya khandalo kuti ndisaione. Mdzukulu wanga, kumubisa kwa ine!

Mbuzi yopepesera imene mwanditumizira sindikuifuna, ndipo musanditumizire akulu a mpingo kudzandiuza zokhululuka. Muitaneni mwanayo pabwalo lomwe lija, anthu adzaze ngati tsiku lija, mumuuze ndi pakamwa panu kuti amene anamugwira mphuno ndinu, amene anamubereka m'matope ndi bambo ake. Mukatero abwere andionetse nkhope ya khandalo.