Chikwanje Chobwereketsa

Achimwene anga anali wosula zitsulo pafupi ndi Mbulumbuzi. Ankasula makasu ndi zikwanje kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakufa. Chaka china achinyamata a bungwe lina anawabweretsera chidindo. Chida chilichonse chinkadindidwa nambala yakeyake, ndipo mbiri yake, kuyambira kumene chitsulo chinachokera kufikira munthu amene wachigula, inkasungidwa m'mafoni ambiri nthawi imodzi, kotero kuti panalibe woifufuta. Iwo ankati bulokutcheni. Ine ndinkati unyolo wa umboni, pakuti mawu awowo amandikanda pakhosi.

Koma achimwene anali ndi chizolowezi cha osula akale. Munthu akabweretsa chikwanje chothyoka, sankamubweza chimanjamanja: ankamubwereka china kuti ntchito isaime. Unyolowo unkadziwa kugulitsa kokha. Za kubwereketsa sunkazidziwa.

M'nyengo yokolola nandolo, mbala zinatema mlimi wina cha ku Mikolongwe pomulanda mbuzi, ndipo pothawa zinataya chikwanje. Abale a wovulalayo anafufuza nambala yake pa foni. Foni inati chidacho chikadali m'manja mwa wosula.

Anafika kwa achimwene ndi gulu la anthu dzuwa lili paliwombo, ine ndili pomwepo kudikira khasu langa.

"Madala, mumasula nokha, n'kumatemera nokha anthu?" anakuwa wotsogolera gululo.

"Ana anga, chimenecho ndinabwereka munthu," anatero achimwene. "Chake chothyoka si icho chili apocho."

"Munthu wake uti?"

"Wamtali, wa njinga yofiira. Dzina sindinamufunse."

"Mwamva? Foni ndiye yabodza, owona ndi agogowa!"

Mwala woyamba unawang'amba achimwene pachipumi. Ndinaimirira, n'kupempha mwaulemu kuti nkhaniyo ipite kupolisi.

"Aphunzitsi, kuno si kusukulu," anatero wina, ndipo chibakera chake chinandigulula mano awiri.

Ndili chigonere m'makala, ndinaona akuwakokera pa chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo. Anawagoneka dzanja lamanja pamenepo, wina nanyamula nyundo yaikulu yosulira. Kulira kwa mafupa sindidzakulongosola, ngakhale mawu ake ndili nawo. Achimwene sanakuwe, ankangopuma ngati mvukuto wobooka. Wina anali atayamba kale kugubuduza tayala, wina akuitanitsa petulo.

Anawapulumutsa ndi shehe wina wogulitsa nsalu, amene anaimitsa galimoto yake pakati pa gululo, nawafunditsa mkanjo wake, nati, "Wofuna kuwotcha ayambe ndi ine." Gululo linazengereza, ndipo tinawanyamulira ku chipatala cha mishoni.

Madokotala anayesetsa, koma dzanjalo analidula. Achinyamata a bungwe aja anabwera kudzapepesa, nalonjeza kuti awonjezera malo olembapo zobwereketsa. Achimwene anawamvetsera mwaulemu, kenaka anawapempha kuti atsekeko chitseko potuluka.

Lamulungu lililonse ndimalawirira kwawo kukawamanga mabatani a malaya tisanapite ku Misa.