Bowo la Ba Towela

Ku Chanyanya ukafunsa za munthu wouma mutu, amakulozera kashedi ka Ba Towela Nyirenda pafupi ndi doko. Mayi ameneyu anali wa zamagetsi pa fakitale ina ku Kafue. Ntchito itatha, anayamba kuphwasula mabatire akale a malaputopu, kuchotsamo maselo, timigolo tija tonga chala, n'kuwalumikiza kuti aziyatsa nyale za asodzi.

Chida chawo chachikulu ndi thabwa la mukwa lokhala ndi bowo limodzi. Selo iliyonse izilowamo ndendende. Ikakana kapena ikagwedera, panja! Akuti anthu ophunzira akukanganabe za saizi imodzi yoti maselo azitsatira. Azikangana kumeneko. Kwa Ba Towela mlanduwo unatha tsiku lomwe batire yosakaniza maselo inawaphulikira m'manja n'kuwadula zala ziwiri. Amati maselo osiyana satopa limodzi, yaing'ono imafooka msanga n'kuyamba kutentha.

Ndiye kunabwera Ba Elisha, mkulu wa gulu la asodzi, ndi thumba la maselo a ku Lusaka, onenepa ndi oonda omwe. Ankafuna nyale makumi atatu. Ntchito ya gululi ndi imene inkadyetsa Ba Towela chaka chonse, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Ba Towela anayesa imodziimodzi. Theka linakana.

"Imwe ba mayo, kulitsani chabe bowo," anatero Ba Elisha akutulutsa mpeni. "Ni thabwa chabe iyi."

"Igwireni muone!" Ba Towela anaimika dzanja la zala zitatu lija pamphuno pawo. "Ine inanipsera pamtunda, baketi ya manzi ili pafupi. Imwe izakupserani mu bwato, pakati pa ng'ona. Muzathawira kuti?"

Ba Elisha ananyamula thumba lawo, ulendo kwa wokonza wina ku Estates, m'tauni ya Kafue, amene sanafunse n'komwe. Ntchito yonse ya gulu inapita. Zinawawa, tisaname. Masabata atatu Ba Towela anakhala m'kashedi akuingitsa ntchentche, koma bowo silinakule.

Lachinayi lina m'mawa kunalowa Ba Lilly, mkazi wa Ba Elisha, atabisa kanthu m'chitenge. Anaika patebulo nyale yatsopano ya amuna awo, yopangidwa ku Estates kuja.

"Phwasulani," anatero. "Enawo kaya. Koma wanga sakwera nayo bwato iyi mpaka ipite pa thabwa."