Inki ya pa Chala Changa

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, tsiku la sikelo, mwana nditamubereka kale. Kuno ku Chinsapo nyumba n'zothithikana, koma palibe anatuluka. Ndinangoona makatani akugwedera.

"Amuna anu ali kuti, mayi?" anafunsa wapolisi.

Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinkadziwadi. Anachoka Loweruka, malata atasowa komwe ankalondera.

"Ndiye tiyeni inuyo. Akamva kuti mkazi ali m'kati, abwera okha."

M'selo tinalimo azimayi ambiri, ndowa imodzi pakona, yosavundikira. Za ndowayo sindilemba zambiri. Ntchentche zinkachoka pamenepo n'kudzatera pakamwa pa mwana wanga akuyamwa. Lachinayi anayamba kutsekula m'mimba. Thewera linali limodzi lomwelo. Ndinang'amba chitenje, kenako duku.

Ndinaitana wapolisi wamkazi pa kawindo: "Amayi, chonde, mwana liwombo lalowa."

Anagwira mphuno. "Kuno si kuchipatala. Mwatinunkhitsiranso selo inu."

Lachisanu ananditengera mu ofesi. Bwana wake ankadya tchipisi cha pachiwaya, pepala lili patebulo, lolembalemba kale, m'Chingelezi.

"Sukulu munalekeza pati?"

"Sitandade sikisi, bwana. Kulemba ndimatha. Mundiwerengere kaye zalembedwazo."

Anaseka chakudya chili m'kamwa. "Sikisi! Bweretsani chala kuno. Mukadinda, mwana apita kuchipatala lero. Kapena tidikire Lolemba?"

Ndinamusuzumira mwana, maso atalowa, kulira osatulukanso mawu. Bwana uja anandigwira chala chachikulu ndi dzanja lake la mafuta, n'kuchinyika mu inki, n'kuchikanikiza papepala. Anatsegula chitseko dzuwa lili pamutu. Ndinathamanga.

Mwana anachira. Amuna anga anawagwira mwezi wotsatira, ndipo pepala lija linawerengedwa m'khoti. Akuti ine ndinaona ndi maso anga iwo akulowetsa malata m'nyumba. Ine! Kuyambira tsiku limenelo apongozi sayankha moni wanga.

Inki inasuluka, koma chala chinkandinyansabe. Ndinkachikwecha pasimenti mpaka magazi. Kudya ndinkadyera supuni ngati wodwala. Galimoto ikaima panja, ndili kale kuseri kwa chitseko, mwana nditamutseka pakamwa.

Kenako ndinagula kope. Tsiku loyamba ndinangolemba mawu amodzi, "Anagogoda", n'kutuluka kukasanza. Mawa lake ndinalemba za ndowa. Ndimalemba mwana akagona masana, mizere yokhotakhota, koma mawu onse ndi anga, m'Chichewa chomwe nditha kuwerenga ndekha. Tsopano ndayambiranso kugulitsa tomato pamsewu, ndipo ndimadya ndi dzanja.

Anthu amati ndinatuluka Lachisanu lija. Ine ndikuona kuti ndakhala ndikutuluka pang'onopang'ono, tsamba ndi tsamba.

Lamulungu ndikupita nalo kundende kope ili, amuna anga akawerenge okha. Kaya akhulupirira, kaya ayi. Pansi pake ndalemba dzina langa lonse, ndi cholembera.