Kanjira ka Ba Lastone

Mafakitale atatsegulidwa ku Kafue, msewu unadzaza malole. Ba Lastone, wogulitsa nsomba za ku Chanyanya panjinga, anathawira mungalande kawiri, nsomba zonse m'matope. Kanjira kapambali kanalipo, koma m'dzinja kankasanduka dambo.

"Madengu athu amabwerera opanda kanthu," anauza anzawo pamsika. "Tizinyamuliramo phulusa la malasha kusiteshoni ya sitima, tikwirire dambolo."

"Bwanji, Ba Lastone, nsomba zakukanani, mwayamba phulusa?" anaseka Ba Dainess, mayi wa tomato.

Ba Lastone anangoyamba ntchito okha. Madzulo alionse ankakhuthula dengu pamalo otitimira, mpaka anzawo anachita manyazi n'kuyamba kunyamulanso. Mvula itagwa, Ba Lastone anapalasa njinga pakanjirako mpaka mtauni osaponda msewu wa malole, akuimbira belu Ba Dainess amene ankayenda patsogolo, dengu pamutu.