Nkhope ya Hellen pa Khoma la a Chikadza

A Simeon Chikadza anafika ku Rumphi chaka chimene anthu anavotera zipani zambiri koyamba, atanyamula sutikesi yachitsulo ndi kalata ya boma yowatumiza ku Thazima, pachipata cholowera kunkhalango ya Nyika. Kwawo kunali ku Ntchisi. Ntchito yawo inali yolondera nyama zakutchire, ija anthu amangoti ya ugemu. Mumtima ankati akhala zaka ziwiri basi, kenako apempha kubwerera kufupi ndi kwawo, chifukwa kuzizira kwa kuphiriko kunali kwachipongwe. Zaka ziwirizo zisanathe anaona Isabella NyaHarawa, mphunzitsi wa sitandade wani, akutsika galimoto pa Bolero, ndipo kalata yopempha kusamuka ija sinalembedwe mpaka lero.

Anthu a pa Bolero ankawadziwa ndi zinthu ziwiri, maso ndi kusayankhula. Maso awo ankaona msampha wa waya pamene anzawo akungoona udzu. Koma mukawafunsa kumene akupita, ankakuyankhani ndi chala. Chitumbuka chawo sichinapitirire pa monire ndi yewo, ndipo ngakhale Chichewa chimene anabadwa nacho ankachitulutsa moumira ngati mchere wopempha. Zolinga zawo sankauza munthu. Khalidwe limeneli ndi labwino kutchire, koma pakati pa anthu limadzetsa zina.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Hellen, wa mpata kumano ndi mawu okwera bwino pakwaya. Atamaliza folomu folo ntchito inasowa, ndiye anatsatira anzake ku Joni kukagwira ntchito zam'nyumba. Anakhalako zaka zitatu. Chaka chimene a Chikadza anapuma pantchito, foni inalira masana dzuwa likuswa mtengo: Hellen anadwala chifuwa masiku anayi okha, ndipo watisiya. Mapepala ake anali atatha, thupi linakanika kubwera, anzake anamuika konko.

Kunyumba anthu anasonkhana monga mwa mwambo. Anaimba, anapemphera, koma pakati pa nyumba panalibe bokosi. Sipanafike nthawi ija mkulu wa mpingo amati achibale abwere adzaone nkhope. NyaHarawa sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Amayi anzawo atawanong'oneza kuti kulira kumapepuza mtima, iwo anangoti, "Ndilire ndani? Ine nkhope sindinaione." Kuyambira pamenepo ankasesa chipinda cha Hellen m'mawa uliwonse, ndipo minibasi ikaima pamsewu ankadzutsa mutu kumvetsera amene watsika. Chimenechi chinkawadya a Chikadza kuposa imfa yeniyeniyo.

Tsoka sasimba. Matenda a shuga, amene anali atawachotsa kale NyaHarawa pa bolodi, analowa m'maso. Lamanzere linatseka. Lamanja linkangoona zinthu zazikulu ndi zowala, zing'onozing'ono ayi. Dokotala wa ku Mzuzu sanabise Chichewa. Anati iyi si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo chimene akufuna kuona aoneretu, chifukwa lotsalalo silidikira chaka.

Masiku omwewo mnzake wa Hellen anatumiza kanema pafoni. Anali wamphindi ziwiri: kwaya ya kutchalitchi kwawo ku Joni ikuimba, ndipo pakati pa nyimbo wojambulayo anaima pa nkhope ya Hellen. NyaHarawa anaika foni pamphuno, anaitembenuza, anapita nayo pamthunzi. Anayesanso pa TV yawo yaing'ono ya pa kabati.

"Mawu ndikuwamva, a wiske Hellen," anatero, kuwatchula amuna awo mwa Chitumbuka monga bambo a mwanayo. "Koma ndikungoona kuwala. Akadakhala wamkulu ngati munthu weniweni, mwina."

A Chikadza anakumbukira maphunziro ena a magemu kumene anawaonetsa njovu pakhoma, yaikulu moti munthu n'kuwerenga makwinya a pachitamba. Sabata isanathe anagulitsa njinga yawo yamoto, imene anagula popuma pantchito ndipo ankaipukuta kuposa nsapato za pa Sabata. Anakwera minibasi ya ku Rumphi boma, kenako ya ku Mzuzu, osauza ngakhale wa nyumba yoyandikana nayo.

Ku Mzuzuko wasitolo wina wa zamagetsi anawatulutsira pulojekita yatsopano, kabokosi koyera kokhala ndi diso limodzi kutsogolo, imene imaponya chithunzi pakhoma. Anawaonetsa mpira, ndipo udzu wa m'bwalomo unkaoneka umodziumodzi. Anasamutsira kanema uja pa fulashi, koma atafuna kumuyesa pomwepo a Chikadza anamugwira dzanja. Mwana wawo sanali woonetsa m'sitolo, pakati pa mafiliji. Wasitolo anawauza zinthu zitatu: khoma likhale loyera, m'chipinda mukhale mdima, ndipo makinawo atalikire khoma mapazi asanu ngati akufuna chithunzi chachikulu. Ulendo wonse wobwerera bokosilo linali pamiyendo, ndipo kondakitala atafuna kuliponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza anaona yekha kuti madalawa si oseweretsa.

Lachinayi anatsitsa kalendala ndi zithunzi zonse za pabalaza, napaka khoma laimu kawiri. Loweruka m'mawa magetsi alipo, anayamba ntchito. Atayesa mapazi asanu kuchokera pakhoma, phazi lachitatu linagunda sofa, lachinayi kabati. Balaza linali laling'ono. Anayamba kutulutsa katundu mmodzimmodzi, yekhayekha: masofa, tebulo lalikulu, mipando, zonse pabwalo pansi pa mtengo wa mango. Pansi anayala mphasa. Atayatsa makina aja, zilembo zoyesera zinatuluka zofuwa chifukwa cha dzuwa, ndiye anakhomera mabulangete m'mawindo onse. Chithunzi chinapendekeka, anachirikiza mwendo umodzi ndi buku la nyimbo. Kenako anapotokola kagudumu ka padiso pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi magalasi oonera patali ku Nyika, mpaka zilembo zinathwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha a Chikadza anali nako kokwanira mudzi wonse.

NyaHarawa nawo anali ndi zawo. Anati kukaona nkhope sapita ndi chitenje cha kudimba. Anaitanitsa mnzawo wa pamtima, Lois NyaMsowoya, kuti adzawathandize kuvala yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a mumpingo: bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda. Anamuuzanso kuti iyenso abwere atavala.

Tsono taganizani inu muli mayi Muriel, a nyumba ya kutsidya kwa msewu. Mukudziwa kuti NyaHarawa akhala akudwala. Mukuona masofa ali panja, mawindo atsekedwa ndi mabulangete dzuwa lili pamutu, ndipo mayi wa Umanyano akulowa atavala zoyera, nkhope ili pansi. Kwathu kuno katundu wa pabalaza amatuluka pa chifukwa chimodzi chokha. Mayi Muriel anataya tsache, anagwira kumutu, nayamba kulira mokweza. Sipanapite nthawi, wina anali ataika kale masamba pamsewu, amayi akubwera m'mizere atamanga zitenje m'chiuno, abambo akukhala m'masofa muja mwakachetechete, zipewa zili m'manja.

A Chikadza anatuluka atanyamula chingwe cha magetsi, laimu ali m'tsitsi. Anakumana ndi a Manasseh Mhango, mkulu wa mpingo, amene anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Phepani chomene, adada. Atisiya nthawi yanji?"

"Ndani?"

Pamenepo n'kuti amayi atalowa kale m'nyumba akulira. Maso atazolowera mdima, anaona womwalirayo atakhala pamphasa, atavala zoyera, akuwafunsa kuti ndani walowa. Kulira kunaduka ngati wailesi yothimitsidwa. Mayi Muriel anatsala pang'ono kutulukira pawindo, bulangete ndi misomali yomwe.

Manyazi ndi mkwiyo zinawagwira a Chikadza nthawi imodzi. Tsiku limeneli analikonzera anthu awiri okha, atatu ndi Lois. Anatsegula pakamwa kuti awabweze onse, koma akazi awo anawatsogolera.

"Asiyeni, a wiske Hellen. Sanalakwe. Muno muli maliro ndithu, angochedwa chaka chathunthu." Kenako anatembenukira kumene kunkamveka mawu a mkulu wa mpingo. "A Mhango, poti mwabwera, chitani monga mumachitira. Lero tiona nkhope ya Hellen."

A Mhango anayang'ana khoma loyera, anayang'ana kabokosi kaja, ndipo anamvetsa. Anapemphera mwachidule. Abambo analowa naima kumbuyo, chitseko chinatsekedwa, m'nyumba munada bii. A Chikadza anadina batani.

Kwaya inadzaza khoma lonse, anthu aakulu ngati ali m'chipinda momwemo. Nyimbo inali ya kwathu konkuno, ndipo amayi ena anayamba kuitsatira chapansipansi. Wojambula atafika pa Hellen, a Chikadza anaimitsa kanemayo. Nkhope inayambira pafupi ndi denga kufika pansi. Mpata wa kumano unalipo. Kachipsera ka pachibwano, ka tsiku limene anagwa mu mtengo wa mango womwe uja, kanalipo. Anali atanenepako pang'ono, pakamwa pali potsegula pakati pa liwu. Pafoni paja sankaoneka wamoyo chotere. Amayi anayambanso kulira, ulendo uno akudziwa amene akumulira.

"Mayi wake ayambe," anatero a Mhango.

Pamene anakhala, NyaHarawa anati akuona chinthu chachikulu chowala, chofiirira pakati. Anaimirira, Lois atawagwira pachigongono, nayenda kulunjika kukhomako monga ankachitira ndi chilichonse chimene akufuna kuchionetsetsa. Atangolowa m'kuwala kuja, mthunzi wawo unagwera pankhope ya mwanayo. Anasendera pafupi, mthunzi uli patsogolo pawo. Anapita kumanja, unawatsatira.

"Wapita kuti? Mwazimitsa kodi?"

A Chikadza anali atayesa mapazi, atatseka dzuwa, atawongola chithunzi mpaka kufika pa tsitsi. Koma chimodzi ichi sanachiganizire, kuti munthu wa maso otere ayenera kufika pafupi, ndipo wofika pafupi amatchinga kuwala ndi thupi lake lomwe. Lois anayesa kuwaimika cham'mbali. Kumeneko NyaHarawa anagunditsa mphuno pa laimu, koma nkhope yaikulu chotero ukaiyandikira imasanduka mabala a mitundu basi, ngati chitenje chosuluka. Kutali sankaona, pafupi sankaonanso. Anabwerera pakati, nasisita khoma ndi zikhatho.

"Simeon, ndithandizeni."

Zaka zonse za ukwati wawo anali asanawatchulepo dzina pagulu. A Chikadza ananyamula pulojekita ija m'manja, chingwe chikukwekwereka pamphasa. Anaikweza pamwamba pa mutu, anapita nayo uku ndi uku, kufuna pamene mthunzi ungachoke. Sunachoke. Anayamba kusendera nayo kutsogolo, ndipo phazi lililonse chithunzi chinkachepa, kuchoka kudenga, kuchoka m'mbali, mpaka chonse chinachoka pakhoma n'kukhala pa bulauzi yoyera ija. Chala chawo chinapotokola kagudumu mwa chizolowezi. Nkhope ya Hellen inaoneka bwinobwino pakati pa mapewa a mayi ake, yaing'ono ngati ya khanda, tsaya litatsamira chakumanzere.

M'nyumba monse munali zii. Mayi Muriel anatseka pakamwa ndi chitenje.

"Mwakhaliranji chete nonse?" anafunsa NyaHarawa, akuyang'anabe khoma lopanda kanthu. "Ali kuti mwana wanga?"

A Chikadza, munthu woumira mawu uja, ndiwo anayankha.

"Ali kumsana kwanu, amake Hellen. Mwamubereka."

NyaHarawa anaima chilili. Kenako anawerama pang'ono, anapititsa manja onse awiri kumbuyo nawalumikiza m'munsi mwa msana, monga amachitira mayi pochirikiza mwana amene mbereko yamasuka. Anayamba kudzigwedeza pang'onopang'ono. Kulira kumene anakusunga chaka chathunthu kunatuluka kuchokera pansi pamimba, ndipo anthu amene anali pamsewu amati kunamveka mpaka kumasitolo. Amayi a Umanyano anayambitsa nyimbo ya pamaliro, abambo kumbuyo kuja anavomera.

Nkhopeyo sanaione, tsiku limenelo kapena lina lililonse, pakuti diso lotsala lija linatseka mvula isanagwe. Koma kuyambira Loweruka limenelo minibasi zinkaima ndi kunyamuka pamsewu iwo osadzutsa mutu.

Makina aja amatentha akayaka nthawi yaitali, ndipo fani yake inkapemerera mpweya wamoto pa dzanja la a Chikadza. A Mhango anawanong'oneza kuti awalandireko. Iwo anapukusa mutu. Mikono inkanjenjemera, misozi inkalowa m'kamwa popanda dzanja lopukutira, koma anaigwirabe chomwecho osasuntha, kuopa kuti mwana angatsetsereke kumsana kwa mayi ake nyimbo isanathe.