Amayi Anga Othyola Tiyi Mpaka Kalekale

Ndikukumbukira ndili Sitandade 6, chaka chimene sukulu yathu ya pa esiteti ya tiyi inalandira malaputopu. A Makwinja, aphunzitsi athu, ankatitsalitsa Lachisanu masana n'kumatiphunzitsa kupanga nthano zoyenda pakompyuta. Sunkalemba zambiri ayi. Unkangokoka timalamulo tooneka ngati njerwa n'kutisanja: aka kakuti yenda, aka kakuti lankhula, aka kakuti bwereza. Ine mutu unkagwira, ndipo sindinkabisa.

Amayi ndiwo sankazifuna. Ankati Lachisanu madzi sakutungidwa pakhomo chifukwa cha zidole. Anandiuza kuti tsiku la makolo adzabwera kudzaona okha, ndipo zikadzakhala zachibwana ndidzasiye.

Basi ndinaganiza zowagwira mtima. Ndinajambula iwowo: duku lofiira, dengu kumsana, pulasitiki yotchinga mame m'chiuno. Ndinasanja njerwa zakuti tambasula dzanja, thyola, ponya m'dengu, sendera. Zonsezo ndinazilowetsa m'njerwa ina imene a Makwinja ankaitcha "mpaka kalekale". Atandifunsa kuti nthanoyi ikuthera pati, ndinayankha mwamatama kuti yanga ndi yosatha. Anangogwedeza mutu n'kupita kwa wina.

Tsikulo amayi anabwera kuchokera kumunda, zala zili bii ndi tiyi. Ndinadina. Kamunthu kanga kanayamba kuthyola, makolo ena n'kuwomba m'manja, ena n'kumaseka kuti dukulo ndi lomwelo. Amayi anasendera pafupi n'kukayang'anitsitsa. Kanathyola, kanathyola, kukafika kumapeto kwa sikirini kakuthyolabe.

"Nanga ameneyu aweruka nthawi yanji?" anafunsa amayi. "Ngakhale kapitawo amatiuza kuti kazipitani."

Anthu anaseka, koma ine manyazi anandigwira, ndipo mtima unandiwawa. Zaka zonsezo ndinkawaona amayi akuchoka kuli nkhungu, akubwera msana uli gwa, koma sindinaganizepo kuti nawonso amafuna kukhala pansi.

A Makwinja sanandikonzere. Anangondikankhira laputopuyo. Ndinachotsa njerwa ija n'kuika yakuti bwereza kakhumi. Pansi pake ndinasanja zakuti tula dengu, pita pamthunzi, khala. Chithunzi chokhala pansi ndinalibe, moti ndinachijambula pomwepo, miyendo yokhotakhota. Kenako ndinafunsa amayi kuti munthuyo akakhala anene chiyani.

"Anene kuti, Esinati, ndipatse madzi," anatero amayi, kutchula dzina langa.

Ndinalemba zomwezo. Kamunthu katakhala pansi n'kulankhula, amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Lachisanu lotsatira ndinalawirira kumjigo, masana ndinatsala kusukulu, ndipo amayi sanandiletse.

Lero ndine amene ndimaphunzitsa ana zomwezi ku Luchenza. Ndinazindikira kuti kompyuta sidziwa kutopa, imangochita zimene waiuza, ndiye kukumbukira kuti munthu amapuma ndi ntchito ya wosanja njerwayo. Mwana akandionetsa nthano yake, ikongole bwanji, ndimayamba ndamufunsa funso la amayi lija: ameneyu aweruka nthawi yanji?