Amalume ndi Chimbudzi cha Pathanthwe

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anagwira ntchito ya upulambala moyo wawo wonse. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni usanathe n'komwe, khutu linkakhala litapita kale kubafa kukamvetsera ngati mpopi ukudontha. Azakhali, akazi awo, ankati anakwatiwa ndi anthu awiri, bambowo ndi sipanala yawo.

Atapuma ntchito anamanga nyumba pamwamba pa chitunda, kumapeto kwa tauni, chifukwa azakhali ankafuna khonde loona kutali. Malowo anali okongola, koma pansi pake panali thanthwe lokhalokha, ndipo mapaipi a madzi ankathera m'munsi, pagolosale. Aganyu amene anabwera kudzakumba dzenje la chimbudzi anangofika m'mawondo, piki n'kuyamba kuthetheka moto. Anayesa kuseri kwa khitchini, anayesa kumpanda, chimodzimodzi. Anatola zida zawo n'kutsanzika.

Kwa miyezi ingapo banjali linkapempha chimbudzi kwa anansi a m'munsi. Azakhali ndi mawondo awo ovutawo ankatsika chitunda atagwira ndodo, pobwerera n'kumapumira m'njira. Sankadandaula, koma amalume ankawaona ali pakhonde, n'kumangotembenuza chipewa m'manja.

Nzeru inachokera kwa kalipentala wina, mnzawo wakalekale, amene ankasowa kotaya utuchi. Anawauza za chimbudzi chosafuna madzi kapena dzenje, chomangira pamwamba, chokhala ndi zipinda ziwiri kunsi kwake. Munthu akatha kudzithandiza amathiramo utuchi ndi phulusa. Chipinda china chikadzaza amachitseka kuti zam'katimo ziwolerane zisanduke manyowa, n'kusamukira chinacho. Amalume anapsa mtima. Anati iwo anaika zimbudzi zogejemula m'nyumba zosanjikizana, ndiye lero akakhale pa utuchi ngati nkhuku yofungatira mazira? Kalipentala anangoseka. Mawa lake anawatumizira matumba a utuchi pa njinga, popanda uthenga uliwonse.

Matumbawo anakhala pakhonde mpaka tsiku limene azakhali anaterereka potsika, n'kusupuka chigongono. Amalume anawatsuka balalo, kenako analowa m'nyumba kukafuna tepi yoyezera.

Anamanga mosamala ngati ndi nyumba ya bwana. Masitepe anawapanga afupiafupi, m'mbali n'kuikamo chogwirira cha paipi yakale. Mpando anauyeza pa azakhali enieniwo, powakhazika pa ndowa ndi zidebe zosiyana msinkhu mpaka ananena okha kuti apa mawondo sakulira. Kumbuyo anaimika paipi yaitali yopaka penti yakuda, kuti ikatentha ndi dzuwa izikoka fungo, pamwamba pake n'kumangirira kaneti kotchinga ntchentche. Paipi imeneyo ankainyadira kwabasi. Ankati ndi yokhayo yosonyeza kuti padutsa pulambala.

Ine nditapita kukawaona sanandilole n'kutula chikwama komwe. Ananditengera kuseri.

"Lowa, mphwanga. Koka mpweya."

Ndinakoka. Munkamveka ngati m'shedi ya kalipentala.

"Ukatha, uthiremo utuchi wodzaza kapu iyo. Madzi ayi, ungandiphere ntchito."

Azakhali anafuula ali kukhitchini kuti amusiye mwana ayambe wamwa tiyi, si mlendo aliyense amabwerera chimbudzi.

Anthu a m'munsi ankawaseka, mpaka anawapatsa dzina loti a Utuchi. Koma chaka china mvula inachuluka, madzi n'kukwera m'maenje a zimbudzi za kudambo, zina n'kutitimira. Woyamba kukwera chitunda anali mayi wa pagolosale, akuti akudzazonda azakhali, koma maso ali kuseri kwa nyumba. Amalume sanamudikire kuti apemphe. Anavala nsapato n'kumuuza kuti atsogole akaone malo omumangirapo chimbudzi. Kuyambira pamenepo masana sankapezekanso pakhomo. Ankabwera madzulo simenti ili m'nsidze, akudandaula kuti anthu samva, wina wathira madzi ochapira m'chimbudzi chatsopano, koma nkhope ikuwala ngati ya mnyamata.

Tsiku lotsegula chipinda choyamba, chitakhala chotseka chaka chonse, azakhali anaima patali atatseka mphuno ndi mpango. Amalume anagwetsa kachitseko ka kumbuyo, n'kupisa fosholo. Munatuluka dothi lakuda, lofewa, lonunkhira ngati pansi pa mtengo mvula itangokata. Azakhali anayandikira pang'onopang'ono, analitosa ndi ndodo yawo, n'kulamula kuti pamasamba awo lisayandikire, koma mitengo itha kudya.

Amalume anaunjika miyala mozungulira, anathiramo dothilo, n'kubzala mapapaya ndi mandimu pamwamba pa thanthwe pomwepo. Panopa mapapayawo amabereka mpaka kufuna mphanda zochirikiza. Azakhali amagawira anansi onse, koma pogawapo amayamba atuma amalume kukaona nkhuku, chifukwa munthu akangoluma n'kunena kuti n'lokoma, amalumewo amakonza kukhosi kuti afotokoze kumene kukomako kwachokera.